Weber uti? Dzina limodzi la Chijeremani ndi anthu osiyanasiyana amene analinyamula

Wophunzira za udokotala amakumana ndi dzina la Weber kanayi asanamalize maphunziro ake: poyeza makutu a wodwala, powerenga chithunzi cha X-ray cha kakolo wothyoka, pophunzira za mtundu wina wa sitiroko, ndiponso pa nthenda ya mwana wobadwa ndi banga lofiirira kumaso. Ambiri amangoganiza kuti anali dokotala mmodzi wanzeru zochuluka. Si choncho ayi. Ndi anthu anayi, ndipo woyamba anabadwa mu 1795 pamene womaliza anabadwa mu 1927. Awiri okha mwa iwo ndiwo anali pachibale, bambo ndi mwana wake. Wophunzira zamagetsi alinso ndi Weber wakewake, wophunzira za chikhalidwe cha anthu ali ndi wake, ndipo makanika naye amatchula dzina lomweli akagwira kabureta ya galimoto yakale.

Chisokonezochi chimachokera pa kuganiza kuti dzina la banja limasonyeza magazi. Kwathu kuno Phiri akakumana ndi Phiri mnzake amayamba kufunsana za kumudzi, chifukwa mfunda umatanthauza kuti penapake kalekale makolo anali amodzi. Dzina la Weber si mfunda. Limangonena ntchito imene kholo lina linkagwira zaka 600 kapena 700 zapitazo, basi.

Kumene dzinali linachokera

Weber m'Chijeremani ndi wowomba nsalu, ndipo chilembo W amachitchula ngati V, motero dzinali limamveka ngati Veba. M'madera olankhula Chijeremani anthu anayamba kukhala ndi mayina a banja cha m'ma 1100, kuyambira m'mizinda ikuluikulu ngati Cologne, kenako mwambowu unafalikira pang'onopang'ono mpaka kumidzi m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400. Chifukwa chake chinali chosavuta. Mizinda inakula, mayina obatizidwa nawo anali ochepa, ndipo mlembi wa msonkho anafunika kusiyanitsa a Johann khumi okhala mumsewu umodzi. Ndiye ankalemba kuti Johann wachigayo, Johann wosula, Johann wowomba. Patapita mibadwo iwiri kapena itatu, mawu owonjezerawo ankakanirira pa banjalo ngakhale mdzukulu atasiya ntchito ya agogo ake. N'chifukwa chake mayina ofala kwambiri ku Germany pafupifupi onse ndi a ntchito: Müller wachigayo, Schmidt wosula zitsulo, Schneider telala, Fischer msodzi, Wagner wopanga ngolo, Becker wophika buledi. Weber nthawi zambiri amakhala pa nambala 5 pa mndandanda umenewu.

Owomba anali ponseponse chifukwa nsalu inali ntchito ya manja kuyambira kumunda. Nsalu ya bafuta inkachokera ku mbewu ya fulakesi, imene ankachita kuzula osati kudula, kuti ulusi ukhale wautali. Mapesiwo ankawaviika m'madzi kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti zomatira ulusi ziwole. Akawavuula msanga ulusi sunkalekana ndi phesi, akachedwa ulusiwo unkafooka. Kenako kuyanika, kuphwanya, kupesa, kupota, ndiyeno kuwomba. Wowomba mmodzi ankadalira anthu angapo opota ulusi. Mudzi uliwonse waukulupo unali ndi wowomba wake, ndiye dzinali linamera malo mazanamazana pa nthawi imodzi, pa mabanja osadziwana n'komwe.

Komanso si wowomba aliyense amene anatchedwa Weber. Hans Fugger, amene anafika ku Augsburg mu 1367, anali wowomba nsalu weniweni, koma zidzukulu zake, zimene zinalemera mpaka kumakongoza ndalama mafumu a ku Ulaya, zinakhalabe a Fugger. Ayuda ambiri nawonso anatenga mayina ngati amenewa mochedwa, lamulo litawakakamiza kukhala ndi dzina la banja losasintha, ku Austria mu 1787 ndi ku Prussia mu 1812.

Abale atatu a ku Wittenberg

Banja la a Weber limene lasiya zambiri m'mabuku a sayansi ndi la Michael Weber, pulofesa wa zaumulungu ku Wittenberg. Ana ake atatu, Ernst Heinrich, Wilhelm Eduard ndi Eduard Friedrich, ankagwira ntchito awiriawiri. Ernst ndi Wilhelm analemba za kayendedwe ka mafunde mu 1825. Wilhelm ndi Eduard anafufuza mmene miyendo ya munthu imayendera mu 1836. Ernst ndi Eduard anasonyeza mu 1845 kuti mtsempha wotchedwa vagus ukakhudzidwa ndi magetsi, mtima umachepetsa kugunda, chinthu chimene chinadabwitsa anthu chifukwa pa nthawiyo ankaganiza kuti mtsempha umangofulumizitsa chiwalo, suchibweza.

Ernst Heinrich, wobadwa mu 1795 n'kumwalira mu 1878, anali pulofesa ku Leipzig, ndipo mwa a Weber onse ndi iye amene sapatsidwa ulemu wokwanira ntchito yake. Mu 1820 anafotokoza timafupa tating'onoting'ono timene nsomba zina zili nato kuseri kwa mutu. Timakhala tinayi mbali iliyonse, tinapangika kuchokera ku mafupa oyambirira a msana, ndipo timalumikiza kathumba ka mpweya ka m'mimba mwa nsomba ndi khutu lake lam'kati. Phokoso likadutsa m'madzi, kathumbako kamanjenjemera, timafupato n'kupereka kunjenjemerako ku khutu. Mlamba, kampango, mpasa ngakhale usipa zili nato timafupa timeneti, chambo alibe. Akatswiri a nsomba mpaka pano amatitcha ndi dzina la Weber.

Mu 1834 anatulutsa zimene anapeza pa khungu la munthu. Ankatenga kampasi ya nsonga ziwiri, yonga ya m'kabokosi ka masamu, n'kumagunditsa nsonga zonse pakhungu la munthu wotsinzina, akuchepetsa mpata pakati pa nsongazo mpaka munthuyo atanena kuti akumva nsonga imodzi. Kunsonga kwa lilime munthu amasiyanitsa nsongazo zitatalikirana milimita imodzi yokha, kunsonga kwa chala pafupifupi mamilimita 2, koma pakati pa msana pamafunika masentimita 6 kapena kuposerapo. Anayesanso kulemera. Anapeza kuti munthu akanyamula zinthu ziwiri, amazindikira kuti china n'cholemera ngati kusiyana kwake kwafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 40 a kulemera koyambako. Pa magalamu 400, kuwonjezera magalamu 10 kumamveka. Pa makilogalamu 4, magalamu 10 omwewo sangamveke, pamafunika magalamu 100. Gustav Fechner ndiye anadzaiika mfundoyi m'masamu mu 1860, n'kuitcha lamulo la Weber. Ophunzira amalakwitsa poganiza kuti nambala ya 40 imagwira paliponse. Kuwala, phokoso ndi kukoma, chilichonse chili ndi gawo lakelake, ndipo lamuloli limasiya kugwira zinthu zikakhala zopepuka kwambiri kapena zolemera mopitirira.

Kuyeza makutu kumene kumatchedwa Weber n'kwa Ernst yemweyu, ngakhale kuti madokotala ena a makutu ndiwo anakusandutsa njira yoyezera odwala. Amagwiritsa ntchito tuning fork, kachitsulo ka mphanda kolira pa 512 Hz, kutanthauza kuti kamanjenjemera ka 512 pa sekondi. Woyeza amakamenyetsa pachigongono kapena pabondo pake, n'kukhazika tsinde lake pakati penipeni pa chipumi kapena paliwombo la wodwala, n'kufunsa kuti, "Mukumva mbali iti, kapena pakati?" Munthu wa makutu abwino amamva pakati. Ngati khutu lina latsekeka ndi phula, mafinya kapena kachikopa kam'kati kabooka, kulirako kumamveka kwambiri m'khutu lodwalalo, chifukwa phokoso la m'chipinda silikulisokoneza ndipo kulira kodzera m'fupa sikukutulukira kunja. Ngati vuto lili pa khutu lam'kati kapena pa mtsempha womvera, kulirako kumathawira ku khutu labwino. Aliyense angayesere yekha: tsekani khutu limodzi ndi chala n'kung'ung'udza, mawu anu amveka kwambiri mbali yotsekayo.

Zolakwika pa kuyezaku n'zodziwika. Kumenyetsa kachitsuloko patebulo kumatulutsa kulira kwina kosafunika. Kugwiritsa ntchito ka 128 Hz kumapangitsa wodwala kumva kunjenjemera pakhungu m'malo mwa kulira. Kugwira mphanda zake ndi chala kumazimitsa kulirako, ndipo tsitsi lambiri limachepetsa mphamvu yolowa m'fupa. Vuto lalikulu n'lakuti makutu onse awiri akawonongeka mofanana, wodwala amamvabe pakati ngati munthu wabwinobwino. N'chifukwa chake kuyezaku sikuimira pakokha. Amakuphatikiza ndi kwa Rinne, kumene kumayerekeza kumva kodzera m'fupa la kuseri kwa khutu ndi kumva kodzera mumpweya.

Wilhelm, wobadwa mu 1804, ndi Weber wa zamagetsi. Anafika ku Göttingen mu 1831 n'kuyamba kugwira ntchito ndi katswiri wa masamu Carl Friedrich Gauss. Mu 1833 awiriwa anayala waya wopitirira kilomita imodzi pamwamba pa madenga a mzindawo, kuchokera kunyumba yoonera nyenyezi kukafika kumene Wilhelm ankachitira kafukufuku, n'kumatumizirana mauthenga ndi magetsi. Mu 1837 mfumu ya Hanover, Ernst August, inathetsa malamulo oyendetsera dzikolo. Mapulofesa asanu ndi awiri analemba kalata yokana, ndipo onse anachotsedwa ntchito. Wilhelm anali mmodzi wa iwo, pamodzi ndi abale awiri a Grimm, osonkhanitsa nthano, koma Gauss sanasaine. Wilhelm anadzabwerera pampando wake mu 1849. Mu 1856 iye ndi Rudolf Kohlrausch anayerekeza njira ziwiri zoyezera magetsi n'kupeza nambala yofika pafupifupi makilomita 310,000 pa sekondi, yoyandikana kwambiri ndi liwiro la kuwala. Patangopita zaka zochepa James Clerk Maxwell anaigwiritsa ntchito posonyeza kuti kuwala ndi mafunde a magetsi ndi maginito.

Muyezo wa weber, wolembedwa Wb, ndi wa mphamvu yonse ya maginito yodutsa pamalo ena. Weber imodzi ikasintha mu sekondi imodzi kudzera pa waya wozungulira kamodzi, imatulutsa volti imodzi. Tiyerekeze koyilo yokulungidwa ka 200, ndipo mphamvu yodutsamo yasintha ndi 0.01 Wb m'masekondi 0.1. Kusinthako ndi 0.1 Wb pa sekondi, kuchulukitsa ndi 200, tipeza mavolti 20. Jenereta, thiransifoma ndi koyilo ya galimoto zimagwira ntchito pa mfundo imeneyi. Olemba mayeso amagwa pawiri: amaiwala kuchulukitsa ndi nambala ya kukulungidwa kwa waya, kapena amasokoneza weber ndi tesla. Tesla ndi kuthithikana kwa mphamvuyo, weber imodzi pa sikweya mita imodzi.

A Weber atatu otsala a kuchipatala

Hermann Weber anabadwira ku Germany mu 1823, koma ntchito yake anagwirira ku London, pa chipatala cha German Hospital. Mu 1863 anafotokoza wodwala amene anavulala mbali ya ubongo yapakati, pamene mtsempha woyendetsa diso umadutsa pafupi ndi njira zopita ku manja ndi miyendo. Zizindikiro zake zimapingasa: chikope chimagwa ndipo diso limapotokera kunja ndi pansi kumbali yovulalayo, pamene dzanja ndi mwendo zimafooka kumbali inayo. Mwana wake Frederick Parkes Weber, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1863 mpaka 1962, anali Mngelezi wobadwira ku London, wokonda kufufuza matenda osowa, ndipo dzina lake lili pa matenda angapo. Lodziwika kwambiri ndi Sturge-Weber, pamene mwana amabadwa ndi banga lofiirira mbali imodzi ya nkhope, ndipo angathe kumadwala khunyu ndi kukhala ndi vuto la kuthinana kwa madzi m'diso. Mwana wotere amafunika kupimidwa maso ngakhale akuoneka wathanzi.

Wachinayi ndi Bernhard Georg Weber wa ku Switzerland, dokotala wa mafupa ku St. Gallen, amene m'zaka za m'ma 1960 anakonzanso kagawidwe ka Robert Danis wa ku Belgium ka mmene kakolo amathyokera. Amayang'ana fupa laling'ono lakunja kwa mwendo, n'kuona pamene lathyokera poyerekeza ndi minyewa yolimanga ku fupa la msongolo, pamwamba penipeni pa mfundo ya kakolo. Weber A ndi kuthyoka kwa pansi pa minyewayo. Nthawi zambiri mfundoyo imakhalabe yolimba ndipo chikhakha cha masabata pafupifupi 6 chimakwanira. Weber B ndi pa mulingo wa minyewayo, ndipo apa dokotala ayenera kupima ngati mfundoyo ikugwedera. Weber C ndi pamwamba pake, kutanthauza kuti minyewayo yang'ambika, ndipo kawirikawiri pamafunika opaleshoni. Kufooka kwa kagawidweka n'kwakuti sikanena chilichonse za mbali yam'kati ya kakolo. Palinso msampha wina: fupalo lingathyokere kumtunda pafupi ndi bondo, osaoneka pa chithunzi cha kakolo, choncho wopima amayenera kusisita mwendo wonse mpaka m'bondo.

Banja limene linalidi la nsalu

Pa mabanja onse otchuka, la Max Weber ndilo linali lidakali pafupi ndi nsalu. Agogo ake ankagulitsa bafuta ku Bielefeld, ndipo bambo ake aakulu, Carl David Weber, anali ndi bizinesi yowombetsa nsalu ku Oerlinghausen. Iwowa sanali okhala pa chowombera ayi, anali olemba ntchito owomba. Max anabadwira ku Erfurt mu 1864, anaphunzira zamalamulo, anaphunzitsa zachuma, anadwala matenda a maganizo bambo ake atamwalira mu 1897 mpaka kusiya kuphunzitsa kwa zaka zambiri, ndipo anamwalira ndi chibayo ku Munich mu 1920.

Amadziwika ndi nkhani yake ya mu 1904 ndi 1905 yokhudza chikhulupiriro cha Apulotesitanti ndi mtima wosonkhanitsa chuma, ndiponso ndi funso lakuti anthu amamveranji owalamulira. Anapereka zifukwa zitatu: mwambo, monga mmene anthu amamvera mfumu yolowa ufumu wa makolo, mphamvu yokopa ya munthu mmodzi, monga mneneri kapena mtsogoleri wankhondo, ndi malamulo olembedwa, pamene anthu amamvera udindo osati munthu wokhala pampando. Pa chachitatuchi anafotokoza ofesi ya boma mwatsatanetsatane: aliyense ali ndi malire a ntchito yake, pali wamkulu pamwamba pa wina, zonse zimalembedwa m'mafayilo, wantchito amalembedwa chifukwa cha maphunziro, amalandira malipiro okhazikika, ndipo ndalama za ofesi sizisakanikirana ndi za m'thumba mwake. Ophunzira ambiri amalemba kuti Weber ankayamikira dongosolo limeneli, kapena amamutsutsa ponena kuti ofesi zenizeni sizili choncho. Zonse ziwirizi n'kumuwerenga molakwa. Iye anajambula chithunzi chongoyerekezera, choti tiziyezerapo kuti ofesi yeniyeni yapatuka pati ndiponso chifukwa chiyani, ndipo ankada nkhawa kwambiri kuti ulamuliro wa mafayilo udzapanikiza ufulu wa munthu.

Mkazi wake Marianne, wobadwa mu 1870 ndi dzina la Schnitger, anali mdzukulu wa Carl David uja, ndiye kuti anakwatiwa ndi wachibale mu 1893 n'kutenga dzina limene linali kale la mayi ake. Kumutchula ngati mkazi wa Max chabe n'kumuchepetsa. Mu 1907 analemba buku lalikulu la mbiri ya malamulo okhudza akazi okwatiwa ndi amayi, mu 1919 anasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo ya Baden n'kukhala mkazi woyamba kulankhulamo, ndipo anatsogolera bungwe lalikulu la magulu a amayi ku Germany. Buku lalikulu la mwamuna wake la zachuma ndi chikhalidwe linali mipukutu yosamalizidwa pamene iye ankamwalira. Marianne ndiye anaisonkhanitsa n'kuisindikiza mu 1921 ndi 1922.

Mng'ono wake wa Max, Alfred Weber, ndi amene amapezeka m'mabuku a jogalafe. Mu 1909 anafunsa kuti fakitale imangidwe pati kuti ndalama zonyamulira katundu zichepe. Njira yake ndi iyi: tengani kulemera kwa zipangizo zimene zimapezeka malo ena okha, mugawe ndi kulemera kwa katundu wotuluka m'fakitale. Yankho likaposa 1, fakitale ikhale pafupi ndi zipangizo. Likachepera 1, ikhale pafupi ndi msika. Tani imodzi ya shuga imafuna matani 8 mpaka 10 a nzimbe, ndipo nzimbe ikadulidwa imayamba kutaya shuga wake m'masiku ochepa, n'chifukwa chake mafakitale a ku Nchalo ndi ku Dwangwa ali pakati pa minda. Zakumwa za m'mabotolo n'zosiyana: gawo lalikulu ndi madzi, amene amapezeka paliponse ndipo salowa m'chiwerengero chapamwambacho, choncho fakitale imatsata ogula. Alfred anawonjezapo kuti antchito otsika mtengo ndi kuyandikana kwa mafakitale kungakokere fakitale kwina, ngati phindu lake laposa ndalama zowonjezereka za mayendedwe. Mu 1933 munthu yemweyu analamula kuti mbendera ya Nazi itsitsidwe pa nyumba ya dipatimenti yake ku Heidelberg, ndipo posakhalitsa anasiya ntchito.

Apa pafunika kusamala, chifukwa a Max Weber otchuka alipo angapo. Max Wilhelm Carl Weber, wobadwa mu 1852, anali katswiri wa zinyama ku Amsterdam, ndipo anatsogolera ulendo wofufuza za m'nyanja za Indonesia mu 1899 ndi 1900. Popeza ankalemba kwambiri za nsomba, anthu amamupatsa timafupa tija, pamene tinafotokozedwa zaka 32 iye asanabadwe. Max Weber wina, wobadwira ku Białystok mu 1881, anali wojambula zithunzi ku New York.

Oimba, andale ndi katundu wa m'sitolo

Carl Maria von Weber anabadwira ku Eutin mu 1786. Sewero lake loimba la Der Freischütz, limene linaonetsedwa koyamba ku Berlin mu 1821, ndilo linatsegula njira ya opera yoimbidwa m'Chijeremani ndi nthano za Ajeremani eniake, pa nthawi imene za ku Italy ndizo zinkalamulira. Anamwalira ndi chifuwa chachikulu ku London mu 1826, atapitako akudwala kale kuti akapezere banja lake ndalama. Kamawu ka von kamasonyeza banja la mafumu, koma apa musakakhulupirire: bambo ake, Franz Anton, anangodziikira okha. Constanze Weber, amene anakwatiwa ndi wopeka nyimbo wotchuka Mozart mu 1782, anali mwana wa Fridolin, mbale wake wa Franz Anton. Banja limeneli silikhudzana ndi la ku Wittenberg kapena la ku Bielefeld.

Helene Weber, mphunzitsi wachikatolika wobadwa mu 1881, anali nawo pa msonkhano wolemba malamulo a dziko ku Weimar mu 1919, anachotsedwa ntchito ya boma mu 1933, ndipo mu 1948 ndi 1949 anali mmodzi wa amayi anayi okha pa anthu 65 amene analemba malamulo aakulu a West Germany. M'nthawi ya ulamuliro wa Nazi ku Munich kunali Christian Weber, mnzake wa Hitler kuyambira masiku oyambirira a chipani cha Nazi, wodziwika ndi nkhanza ndi katangale.

Kabureta ya Weber ndi ya ku Italy. Edoardo Weber anabadwira ku Turin, bambo ake anali a ku Switzerland, ndipo fakitale yake anaitsegula ku Bologna mu 1923. Chowotchera nyama chozungulira chokhala ndi chivundikiro, chimene chimagulitsidwa ndi dzina la Weber, sichinapangidwe ndi Weber aliyense. Anachipanga ndi George Stephen mu 1952, podula pakati chitsulo chozungulira choyandama pamadzi cholozera njira ngalawa, chimene kampani ya Weber Brothers Metal Works ku Chicago, kumene iye ankagwira ntchito, inkapanga.

Mmene mungadziwire kuti ndi uti

Wolemba nkhani kapena wofufuza ayambe ndi mayina onse oyamba, osati chilembo chimodzi. E. Weber angakhale Ernst, Eduard kapena Edoardo, ndipo H. Weber angakhale Hermann, Helene kapena Heinrich Weber katswiri wa masamu. Chachiwiri ndi zaka: chaka chimene chinthucho chinasindikizidwa chigwirizane ndi zaka za moyo wa munthuyo. Chachitatu ndi mzinda ndi ntchito. Laibulale yaikulu ya ku Germany, Deutsche Nationalbibliothek, imasunga kaundula wotchedwa GND, amene amapatsa wolemba aliyense nambala yakeyake, ndipo ofufuza a masiku ano ali ndi nambala ya ORCID. Zimenezi n'zodalirika kuposa kungolemba dzina pa Google.

Wotsata mbiri ya banja amakumana ndi misampha ina. Boma linayamba kulemba kubadwa, ukwati ndi imfa ku Prussia mu 1874, ndipo m'dziko lonse la Germany mu 1876. M'madera ambiri zaka zam'mbuyo mwake zili m'mabuku a mipingo, olembedwa pamanja, ambiri m'Chilatini. Mmenemo mawu oti textor angakhale ntchito ya munthuyo, wowomba, koma angakhalenso dzina lake, chifukwa ophunzira ena a m'ma 1500 anasintha Weber kukhala Textor. Mayi ake a wolemba mabuku wotchuka Goethe anali a Textor. Dzina la mkazi linkalembedwa Weberin, ndipo si dzina lina. Ana aamuna a bambo mmodzi ankatha kubatizidwa onse kuti Johann, dzina lachiwiri n'kukhala loitanira, choncho Johann Georg ndi Johann Peter ndi anthu awiri. Kachidule ka geb. kutsogolo kwa dzina kamasonyeza dzina limene mkazi anabadwa nalo. Amene anasamukira ku America ena anasanduka Weaver kapena Webber. Ndipo zolemba za boma sizitsegulidwa kwa aliyense msanga: za kubadwa zimadikira zaka 110, za ukwati zaka 80, za imfa zaka 30. Zaka zimenezi zisanakwane, amene angapemphe kalata ndi mwini wake, mkazi kapena mwamuna wake, makolo, ana ndi zidzukulu, kapena munthu amene wasonyeza chifukwa chovomerezeka ndi lamulo.